Bawuti ya m'Thumba mwa a Mfaume

A Mathias Kampamba anawapeza Lachisanu masana atagona chafufumimba kunsi kwa bwalo lawo, mutu utagunda mpanda wa njerwa, magazi atauma kale m'khosi. Phazi limodzi lokha kuchokera pa miyendo yawo panali pataima makina otchetchera kapinga, aja amene msewu wonse wa ku Kabulonga kumeneko unkawadziwa ndi kudana nawo.

Sanali makina wamba okankha ndi manja ayi. Analibe chogwirira, ankayenda pa malamba ngati katapila, ndipo munthu ankawayendetsa ndi rimoti ali khale pakhonde. A Kampamba anawaitanitsa kunja atangopuma pa ntchito, ati poti bwalo lawo linali lotsetsereka ndipo antchito ankaterereka nalo. Zoona zake n'zakuti mkuluyo ankangofuna choseweretsa. Mlendo akafika pakhomopo ankayamba waonetsedwa makinawo asanapatsidwe mpando.

Sajeni Keziah Mulubwa wa kunthambi yofufuza milandu anafika 2 koloko itadutsa, n'kupeza bwana wake, Insipekitala Mubanga, atamaliza kale mlanduwo m'mutu mwawo. A Mubanga sanali munthu woipa, kungoti sankakonda kulowa Loweruka ndi fayilo yotsegula. Anamuonetsa chopopera girizi chachitsulo, cholemera ndithu, chimene anachitola m'maluwa chili ndi magazi ndi tsitsi la imvi. Mwini wake anali makaniko amene ankabwera Lachisanu lililonse kudzasamalira makinawo. Mayi wa pakhomopo anamuona atagwira rimoti, ndipo mayi wa kuseri kwa mpanda anamumva akukangana ndi malemuwo m'mawa. Iye ankati anali kumzikiti, koma a kumzikitiko atawaimbira foni anati anafika cha m'ma 1 koloko n'kukhala mzere wakumbuyo. Nthawi yopha munthu n'kukwera minibasi inalipo yokwanira.

"Iyi niyosavuta, Keziah," anatero a Mubanga. "Mande apita ku khoti. Lemba chabe masitetimenti tiyende."

Keziah anasuzumira m'galimoto ya polisi. Munali mkulu wochepa thupi, wa ndevu zoyera, atavala mkanjo woyera ndi kachisoti ka kumapemphero. Dzina lawo anali a Mfaume Abdulla, okhala ku Chilenje, a makolo a ku Mangochi. Anabwerera okha pageti apolisi ali kale pomwepo, zomwe a Mubanga ankati ndi kuchenjera. Manja ali m'unyolo, anali atafungatira botolo la oyilo watsopano, lomwe palibe amene anaganiza zowalanda.

Pageti panali mtsikana akulira mwakachetechete, manja ake atajambulidwa maluwa a hina mpaka m'zigongono. Anali Laila, mwana wa a Mfaume, ndipo ukwati wake unali mkucha, Lamulungu. Anagwira Keziah pamkono n'kumuuza kuti mayi ake anamwalira, mlongo wake wamwamuna alibe, ndipo popanda bambo ake palibe wina woti akamupereke pamaso pa shehe. Keziah ankadziwa zimene mtsikanayo sankadziwa, kuti mlandu wakupha ulibe belo, ndipo munthu wa zaka zimenezo akalowa kundende kukadikira khoti, za ukwati n'zazing'ono, akhoza kutulukako atanyamulidwa. Zinamuwawa mumtima. Anachotsa dzanja la mtsikanayo pang'onopang'ono n'kulowa m'nyumba.

* * *

Mayi Barbara Kampamba anali pabalaza atavala yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, siketi yakuda ndi bulauzi yoyera yositidwa bwino. Amayi anzawo anali atayamba kale kutulutsa mipando panja monga zimakhalira pamaliro. Iwo sankalira. Anali mayi wa ulemu wake, mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, wolankhula liwu limodzilimodzi ngati akulembetsa ana, moti Keziah anapezeka wawongola msana asanauzidwe.

Mayiyo ananena kuti wantchito wawo, Vivian, anamutuma kumsika cha m'ma 11 koloko. Iwo anatuluka 12 koloko itangodutsa kupita kumsonkhano wa amayi ku Woodlands, ndipo potuluka anaona a Mfaume ataima chakumtunda kwa bwalo, rimoti ili m'manja, injini ikulira, amuna awo ali kunsi chakumpanda. Sanaganize kanthu. Foni ya Vivian inawapeza ali pakati pa pemphero.

Keziah anafunsa ngati iwo ankadziwa kuyendetsa makinawo.

"Ine, mwana wanga? Olo limoti ya TV benze kunigwilila ni ba Kampamba. Vija vintu sininavigwilepo."

Wa kuseri kwa mpanda anali mayi Helen Chiti, namwino wakale wa ku Kasama, ndipo iwo sanadikire kuitanidwa. Anali ataima pa kabenchi, chibwano chili pampanda, chifikire galimoto ya polisi. Mkangano anaumva ndithu, cha m'ma 10 koloko. A Kampamba, munthu wa nyumba ya zipinda zisanu ndi ziwiri, ankafuna kuti oyilo wakale asefedwe ndi nsalu n'kubwezeredwa mu injini, ndipo makanikoyo anati ngati zili choncho afune wina. Koma mkangano umenewo, anatero mayi Chiti, unali wa mwezi ndi mwezi, ndipo unkathera pa tiyi. Injini inalira pang'ono nthawi imeneyo, n'kuzima.

"Manje chamene chinanidabwisa, mukwai, ni ichi. Pa Chisanu thwelofu awazi ndiye nthawi yeka yamene timapumulako, chifukwa aba ba makaniko bamayenda ku mapempelo. Zaka zitatu sibanaphonyepo. Lelo nangoika mazila pa moto, namvela chayamba. Nati awe, manje na Mulungu bamusiya?"

"Chinalila nthawi itali bwanji?"

"Mazila yenze yakalibe kupsa. Chinayamba bwino, pambuyo chayamba kugogoda mukati, go go go, chalila monga galu yamene bagunda na motoka, chazima. Sininachimvelepo kulila so."

Keziah anafunsa ngati anamva galimoto ya mayi Kampamba ikutuluka. Anaimva, inde. Mazira anali atadya, mbale atatsuka, kenaka ndi pamene geti linalira. Keziah analemba zimenezo n'kujambula mzere kunsi kwake, chifukwa mayi Kampamba anati anatuluka injini ikulira.

Anabwerera kunsi kwa bwalo. Mtembo anali atautenga. Keziah sanali makaniko, koma bambo ake anayendetsa minibasi zaka makumi awiri, ndipo iye anakula akuwagwirira tochi ndi sipanala. Pamakinawo pankamveka fungo la chitsulo chopserera. Timabowo tonse ta girizi pa timawilo ta malamba tinali titathiridwa girizi watsopano, wofiira, n'kupukutidwa bwinobwino. Sefa ya mpweya inali yoyera, malamba anali okungidwa mofanana mbali zonse, mipeni inali yonoledwa tsiku lomwelo. Inali ntchito ya munthu wosafulumira. Anasolola kandodo koyezera oyilo n'kukapukuta pachala. Kanali kouma gwa. Anagwada n'kupisa dzanja pansi pa injini, ndipo pamene pankayenera kukhala bawuti yotsekera oyilo, chala chake chinangolowa m'bowo.

* * *

Timadontho takuda tinamutsogolera kukwera bwalo mpaka kushedi. M'katimo, pakati pa matabwa awiri pamene makinawo anali atakwezedwa, panali beseni la oyilo wakuda. Ovolosi ya a Mfaume inali pamsomali, ya girizi paliponse koma yopanda dontho la magazi. Keziah anapempha kathumba kapulasitiki m'mene apolisi anaika zinthu za m'matumba a mkuluyo. Munali foni, mikanda ya mapemphero, ndi kansanza komangidwa mfundo. Atamasula mfundoyo, bawuti inagwera m'dzanja lake.

Analowa m'galimoto n'kukhala moyang'anana nawo. A Mfaume ankalankhula Chichewa cha kwawo, chodekha, chimene zaka zonse za mu Lusaka zinalephera kuchipinda. Anafotokoza kuti Lachisanu lomaliza la mwezi amasintha oyilo. Amaliza injini pang'ono kuti oyiloyo afewe, amamasula bawuti, n'kusiya kuti adonthe mpaka dontho lomaliza iwo ali kumzikiti. Tsiku limenelo anachoka pakhomopo hafu pasiti leveni, abwana ali m'shedi akupukuta makina awo ndi nsalu. Anachedwa kumapemphero chifukwa anayamba wadzera m'tauni kukagula oyilo watsopano.

"Nanga iyi bawuti yenze kuchita chani mu thumba yanu?"

"Amayi, ndili wachinyamata kumafakitale a ku Heavy Industrial ndinaphapo injini ya lole. Ndinaiwala kuti ndakhetsa oyilo, ndinaliza. Abwana anga sanandimenye ayi, anangondiimika pomwepo kuti ndimve mmene ikufera. Kuyambira tsiku limenelo, zaka makumi anayi tsopano, injini ikakhala youma bawuti imakhala m'thumba mwanga. Ndikagwada kumzikiti imandibaya pantchafu, ndimakumbukira kuti ndasiya ntchito yosatha."

Keziah anawauza kuti injiniyo inalizidwa 12 koloko itadutsa. Iwo anali atangouzidwa za chopopera girizi chija basi. Mkuluyo, amene unyolo sunamugwedeze, anadzidzimuka, botolo lija n'kutsetsereka pamiyendo mpaka pansi.

"Analiza? Yopanda oyilo?" Anapukusa mutu kangapo. "Koma analiziranji? Makina aja amayenda ndi batire, amayi. Mukafuna kungowasuntha simuliza injini. Injini ndi yozunguza mipeni."

Keziah anakumbukira phazi limodzi lija pakati pa makina ndi miyendo ya malemu. Wina anakantha a Kampamba ndi chitsulo, kenaka n'kutumiza mipeni yozungulira kuti ikafafanize balalo, zioneke ngati ngozi ya nkhalamba yosewera ndi choseweretsa chake. Chinaletsa ndi injini youma, imene inanoka n'kuzima itatsala pang'ono kufika. Pa zaka zake zonse za upolisi anali ataona zambiri, koma izi anali asanazionepo.

Anafunsa kuti ndani ankadziwa rimoti. A Mfaume anawerenga pa zala zomangidwazo: abwana, iwo eni, ndi amadamu, amene anawaphunzitsa okha chaka chatha abwana ali kuchipatala, ndipo anagwira msanga kuposa amuna awo. Ananena zimenezi monyadira, osaona kumene mawu awo akulowera. Kenaka, poti makaniko sasiya chenjezo ngakhale ali m'unyolo, anawonjezera kuti amene watenga chopopera chija asamale nacho. Mphira wake ngwakutha, munthu akachifinya mwamphamvu chimalavula girizi chakumbuyo, pamkono.

* * *

Keziah anapeza Vivian kuseri kwa nyumba atakhala pa sitepe ya kukhitchini, thumba la kumsika likadali pambali pake, matimati ataphwanyika. Iye ndi amene anaona mtembo. Anali mayi wa zaka pafupifupi makumi anayi, wa ku Kabwata, ndipo mantha anali atamumasula lilime. Anasimba za kudula kwa nsomba, za minibasi imene inaima theka la ola kudikira anthu, za geti limene analipeza lokhoma, za mmene anaitanira abwana katatu kuti adzamwe madzi a zipatso asanatsike kukawaona. Keziah anamusiya kuti alankhule, maso ake ali pa chingwe choyanikira zovala. Panali chovala chimodzi chokha.

"Mumachapa pa Chisanu?"

"Ine nichapa Mande na pa Chinayi. Ija sinine. Nabwela nayipeza idonta manzi." Vivian anatsitsa mawu, ndipo ngakhale panali maliro, zinkaoneka kuti nkhaniyi inamukhudza payokha. "Zaka ileveni pano, ba madamu sibanachapepo olo ka hanki. Na kuchapa kwake onani, banangoifinya so. Nenze nifuna kubafunsa ngati nabalakwila."

Keziah anaitsitsa pachingwepo. Inali bulauzi yoyera ya kutchalitchi, inzake ya imene mayi Kampamba anavala pabalaza. Pa mkono wamanja, kuyambira pabatani mpaka chapachigongono, panali banga lofiirira lomwe madzi ankangoterereka pamwamba pake. Anainunkhiza. Pansi pa fungo la sopo panali fungo la m'shedi.

* * *

A Mubanga anamvetsera ataima pafupi ndi galimoto, nkhope ikugwa pang'onopang'ono. Anati mayiyo ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, anaphunzitsa theka la Lusaka, ndipo Keziah akalakwitsa adzamaliza ntchito yake akulondera geti. Ananena zonsezo maso ali pa bangalo. Atamaliza anavula chipewa n'kumutsatira.

Anapempha amayi aja kuti atulukeko kaye. Pabalaza panali patatsala katebulo kamodzi. Keziah anaikapo bawuti ija n'kufunsa mayi Kampamba ngati akuidziwa. Anaiyang'ana nthawi ndithu n'kunena kuti ayi, ndipo pa zonse zimene ananena tsiku limenelo, izi Keziah anazikhulupirira.

"Ndiye yamene imatseka oyilo, ba mayo. Yenze mu thumba ya ba Mfaume kuchokela hafu ileveni. Injini yenze ilibe olo donto, na beve benze baziba. Wamene anailiza ni muntu aziba limoti, koma saziba va oyilo."

Kenaka anayala bulauzi yonyowayo pambali pa bawutiyo, mkono wa banga uli pamwamba.

Panja amayi anali atayamba nyimbo ya maliro, chapansipansi. Mayi Kampamba anatambasula dzanja n'kuwongola kolala ya bulauziyo, ndipo pamene anayamba kulankhula mawu awo anali omwe aja a m'kalasi. Anati anapita kushedi kukatsanzika kuti akupita kumsonkhano. Amuna awo, ali chiweramire kupukuta makinawo, anawauza kuti ku Chelstone kuli mkazi wina ndi ana awiri, wamkulu ali kuyunivesite, ndipo mwezi wamawa onsewo adzasamukira m'kanyumba ka kuseri, poti iwo akalamba ndipo atopa n'kuyendayenda.

"Zaka fote, ba ofisa. Sibananiyanganeko olo kumaso. Benze kukamba na ine, maso yali pa chija chintu, bachipukuta monga mwana."

Chopopera chinali patebulo pafupi ndi dzanja lawo. Anakantha kamodzi. A Kampamba anadzandira kutuluka m'shedi n'kugubuduka mpaka kumpanda. Zotsatirazo mayiyo anazinena osaphethira. Anatenga rimoti, analiza injini, analunjika makinawo pa mwamuna wawo. Atazima panjira n'kukana kuliranso, anadziwa kuti za ngozi zakanika, balalo lidzaoneka. Anataya chopopera m'maluwa, anachapa bulauzi, anavala ina n'kupita kukatsogolera pemphero.

"Nanga ba Mfaume banakulakwilani chani?" anafunsa Keziah.

Apa m'pamene mayiyo anazengereza koyamba.

"Kulibe," anatero. "Chisulo chenze chawo chabe."

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene Keziah anamasula unyolo. Laila anathamanga kuchokera pageti n'kudzagwada pamiyendo ya bambo ake, akulira tsopano mokweza. A Mfaume anasisita m'manja momwe munadutsa chitsulo, anatola botolo lawo la oyilo, ndipo chinthu choyamba chimene anapempha chinali chilolezo choti alowe akapepese amadamu, poti kuchoka pamaliro osapepesa ofedwa n'kupanda khalidwe.

Keziah asanawayankhe, chitseko chinatseguka, nyimbo ya amayi inadukira pakati, ndipo a Mubanga anatuluka ndi mayi Kampamba, kuwatsogolera kumpando womwe uja umene a Mfaume anali atangochokapo. Mayiyo anadutsa pafupi nawo osatembenuka.

A Mfaume anayang'ana galimoto, n'kuyang'ana Keziah.

"Ndi iwo ananena kuti anandiona?"

Keziah anavomera ndi mutu.

"Koma amayi, Lachisanu lapitali anandipatsa mapoto asanu ndi limodzi, atsopano, ati a Laila. Anandinyamulira okha mpaka pageti. Anati Lamulungu adzakhala kutsogolo m'malo mwa mayi ake." Anatsitsa maso pa mwana wawo, amene anali akadagwira m'mphepete mwa mkanjo. "Tawaika kale pa katundu wa mkwatibwi. Nanga mwanayu aziphikira m'menemo?"